Akati umbanda watsika, tifunse kuti wake uti: nkhani ya mzinda wa New York



Chaka chikamatha timamva pa wayilesi mneneri wa apolisi akulengeza kuti milandu yatsika ndi maperesenti akutiakuti poyerekeza ndi chaka chathachi. Koma mlimi amene wadzuka m'mawa n'kupeza khola la mbuzi lili pululu, kapena amene anamusolola ndalama za fodya pa depoti ya basi mumzinda, amangogwira pakamwa n'kudzifunsa kuti kodi anthuwa akuwerenga milandu ya dziko liti. Pa misonkhano ya makalabu nkhaniyi imatigawa pawiri. Ena amati ziwerengero zonse ndi bodza, dziko laipa basi ndipo palibe chimene chingasinthe. Ena amati mankhwala ake ndi nkhanza: wakuba akagwidwa aone zakuda pomwepo, ndipo apolisi azigwira aliyense wooneka mokayikitsa.

Ife sitikugwirizana ndi mbali ziwiri zonsezi. Pofuna kufotokoza chifukwa chake, m'kalata ino tipita kutali, ku mzinda wa New York m'dziko la America. Tasankha mzinda umenewu chifukwa milandu yake yakhala ikuwerengedwa kwa zaka zambiri, ndipo ziwerengerozo anthu akangana nazo m'makhoti, m'manyuzipepala ndi m'sukulu za ukachenjede, kotero kuti zabwino ndi zonyansa zake zonse zili pambalambanda.

M'chaka cha 1960 anthu amene anaphedwa mumzindawu sanakwane 500. Pofika 1972 anali atapitirira 1,600 pachaka. Mu 1975 khonsolo ya mzinda inatitimira m'ngongole mpaka inachotsa ntchito apolisi pafupifupi 5,000. Mafakitale anali kutseka, anthu opeza bwino anali kusamukira kunja kwa mzinda, ndipo m'dera la Bronx nyumba zosiyidwa zinali kupsa usiku ndi usana. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 kunabwera crack, mtundu wa kokeni wochita kusuta, wotsika mtengo, umene anyamata ankagulitsa pa mphambano za misewu mfuti ili m'chiuno, akulimbirana malo ogulitsira. Mu 1990 anthu 2,245 anaphedwa, kutanthauza maliro 6 tsiku lililonse mumzinda wa anthu 7.3 miliyoni. Chaka chomwecho milandu ya kuba moopseza inali pafupifupi 100,000, ya kuthyola nyumba ndi masitolo pafupifupi 120,000, ndipo magalimoto obedwa anali pafupifupi 147,000, omwe ndi magalimoto 400 patsiku. Eni magalimoto anafika pomamata pepala pagalasi lonena kuti mulibe wayilesi muno, kuchonderera wakuba kuti asavutike n'kuswa.

Munthu wokhala mu New York nthawi imeneyo akanati dziko laipa basi, ndani akanamutsutsa? Zaka 30 zinali zitadutsa zinthu zikungoipiraipira, kupatula zaka zochepa zimene zinapumako pang'ono.

Koma zinasintha. Mu 1998 ophedwa anali 633. Mu 2014 anali 333. Mu 2017 anali 292, pamene anthu mumzindawu anali atachuluka kupitirira 8 miliyoni. Kuba moopseza kunatsika kufika pafupifupi 13,000 pachaka, kuthyola nyumba pafupifupi 11,000, ndipo mu 2018 ndi 2019 magalimoto obedwa sanakwane 6,000 pachaka. Pa magalimoto 100 amene ankabedwa mu 1990, tsopano ankabedwa 4 okha. Amene amati umbanda uli ngati chilala, chimene munthu sangachiletse, aone ziwerengero zimenezi. Umbanda amauyambitsa ndi anthu, ndipo anthu omwewo angathe kuuchepetsa.

Funso lovuta ndi lakuti anauchepetsa ndani. Apa ndi pamene andale amakonda kuthamangira kutsogolo kwa gule.

Nkhani imene inafala dziko lonse lapansi ndi yakuti Rudolph Giuliani, amene anakhala mfumu ya mzindawu mu Januwale 1994, pamodzi ndi mkulu wa apolisi William Bratton, ndiwo anapulumutsa New York. Anabweretsa zinthu ziwiri. Choyamba chinali ganizo limene akatswiri awiri, James Q. Wilson ndi George Kelling, analemba mu 1982, lakuti nyumba ikasweka zenera limodzi osakonzedwa, anthu amaona kuti ilibe mwini ndipo amaswa otsalawo. Choncho apolisi anayamba kumanga anthu pa milandu ing'onoing'ono: kukwera sitima zapansi pa nthaka osalipira, kumwa mowa mumsewu, kulembalemba pazipupa. Chachiwiri chinali njira yowerengera milandu yotchedwa CompStat. Anaiyambitsa ndi wapolisi wina, Jack Maple, amene ali ku polisi ya m'sitima ankapachika mapu pakhoma n'kumaika chizindikiro paliponse pamene munthu waberedwa. Ataona kuti zizindikiro zikuunjikana malo omweomwewo ndi nthawi zomwezomwezo, ankatumiza apolisi kumeneko. Bratton anaika njirayi pa kompyuta, ndipo sabata ndi sabata akuluakulu a mapolisi a m'madera ankaitanidwa kulikulu kukayankha pamaso pa anzawo chifukwa chimene milandu yakwerera kwawo ndi zimene akuchitapo.

Njira yachiwiriyi ife tikuiyamikira, ndipo tibwereranso kwa iyo. Koma nkhani yakuti anthu awiri anapulumutsa mzinda ili ndi mabowo ambiri. Milandu ya kupha inayamba kutsika mu 1991, Giuliani asanalowe, mfumu ya mzinda ali David Dinkins, ndipo inatsika zaka zitatu zotsatizana. Ndi Dinkins amene anapeza ndalama zolembera apolisi atsopano masauzande angapo, amene ambiri anamaliza maphunziro awo mpando uli kale kwa mnzake. Wobzala ndi wina, wokolola ndi wina. Komanso m'zaka zomwezo umbanda unatsika m'mizinda yambiri ya ku America, ngakhale ku Canada, kumene kunalibe Giuliani. Mzinda wa San Diego unatsitsa milandu kwambiri apolisi ake akutsata njira ina, yokhalira pansi ndi anthu a m'madera. Pa dziko lonse la America, kuphana kunatsika ndi theka pakati pa 1991 ndi 2014. Msika wa crack unazilala, mwa zina chifukwa ana amene anakula akuona achimwene awo akufa ndi kupenga anaukana. Ntchito zinayamba kupezeka. Akatswiri ena amatchulanso kuchotsedwa kwa mtovu mu petulo, poti mtovu umaononga ubongo wa ana. Chimene chili choona n'chakuti ku New York milandu inatsika kwambiri ndiponso kwa nthawi yaitali kuposa mizinda ina ikuluikulu, ndipo katswiri Franklin Zimring, amene analemba buku pa nkhaniyi mu 2011, anati gawo lina la kusiyanako n'chifukwa cha apolisi, makamaka kulunjika malo amene milandu imaunjikana. Gawo lina, osati zonse.

Tsono tibwere kwa anzathu amene amati mankhwala ndi nkhanza. New York inayesa, ndipo mtengo wake analipira ndi anthu osauka. Mu February 1999 apolisi anayi osavala yunifolomu anaombera zipolopolo 41 mnyamata wa ku Guinea, Amadou Diallo, venda wogulitsa tinthu mumsewu, ataima pakhomo pa nyumba imene ankakhala ku Bronx. Zipolopolo 19 zinamulasa. M'manja mwake munali kachikwama ka ndalama, mfuti analibe. Khoti linapeza apolisiwo osalakwa. Mu 2014 Eric Garner anafa wapolisi atamukanyanga pakhosi pomumanga, mlandu wake woganiziridwa kuti amagulitsa ndudu imodziimodzi popanda msonkho.

M'zaka za m'ma 2000 apolisi anakulitsa mchitidwe woimitsa anthu mumsewu, kuwafunsa ndi kuwasecha. Mu 2002 anaimitsa anthu maulendo pafupifupi 97,000. Mu 2011 anafika pa 685,724. Pa anthu 10 aliwonse oimitsidwa, pafupifupi 9 ankawasiya apite popanda mlandu uliwonse, ndipo ochuluka zedi anali akuda ndi ochokera ku maiko olankhula Chisipanishi. Akuluakulu a mzinda ankalumbira kuti chipikisheni chimenechi chikatha, magazi adzayenderera m'misewu ngati kale. Mu Ogasiti 2013 jaji Shira Scheindlin anagamula kuti mmene apolisi ankachitira zimenezi zinali zophwanya malamulo aakulu a dziko. Pofika 2017 oimitsidwa anali osakwana 12,000. Kodi magazi anayenderera? Mu 2011, chipikisheni chili pachimake, ophedwa anali 515. Mu 2017, chitatsala pang'ono kutheratu, anali 292. Ndende za mzindawu nazo zinali ndi akaidi oposa 20,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma pofika 2017 anali osakwana 10,000. Omangidwa anachepa, osechedwa anachepa, milandu n'kumatsikabe. Anyamata mazanamazana amene anachititsidwa manyazi pamaso pa makolo awo anavutika chabe, ndipo ambiri a iwo anakula osafuna kumuona wapolisi, ngakhale pa tsiku limene akanatha kukhala mboni.

Mbali inayo, ya anzathu amene amati ziwerengero ndi bodza, ilinso ndi pogwira, ndipo sitibisa. CompStat itakhala muyeso wokwezera kapena kutsitsira munthu pa udindo, akuluakulu ena a polisi anapeza njira yachidule: m'malo mochepetsa milandu, anayamba kuchepetsa zolemba. Milandu imene inkawerengedwa pa msonkhano wa kulikulu inali ikuluikulu 7 yokha. Malamulo a kumeneko amati kuba katundu woposa madola 1,000 ndi mlandu waukulu, wochepera apo ndi waung'ono. Ndiye munthu akabwera kudzadandaula kuti amubera katundu wa madola 1,200, wolemba ankatha kutsitsa mtengo kuti mlanduwo ugwere m'gulu losawerengedwa. Wina woberedwa chikwama ankalembedwa kuti wataya yekha. Wina ankauzidwa kuti abwere mawa, mawalo n'kuuzidwanso chimodzimodzi mpaka atatopa. Wapolisi wina wa ku Brooklyn, Adrian Schoolcraft, anajambula mwachinsinsi mawu a mabwana ake mu 2008 ndi 2009 akulamula zoterezi. Atadziwika, pa 31 Okutobala 2009 apolisi anzake analowa m'nyumba mwake, kumutenga mokakamiza n'kukamusiya ku chipatala m'chipinda cha odwala misala, kumene anakhala masiku 6. Nyuzipepala ya Village Voice inatulutsa mawu ojambulidwawo mu 2010, kafukufuku wa apolisi eni ake anatsimikiza zambiri zimene ananena, ndipo mu 2015 mzinda unamulipira madola 600,000.

Nanga ngati zolemba zinkasinthidwa chonchi, tikudziwa bwanji kuti umbanda unatsikadi? Apa ndi pamene pagona phunziro limene tikufuna membala aliyense alisunge. Milandu siiwerengeka mofanana. Mtembo subisika: umadutsa kuchipatala, dokotala amalemba chimene chapha munthu, abale amalira maliro, ndipo kaundula wa a zaumoyo amasungidwa padera ndi wa apolisi. Ziwerengero za kupha za mbali ziwirizi ku New York zinkayendera limodzi. Galimoto nayo ikabedwa, mwini wake amathamangira ku polisi chifukwa a inshulansi salipira popanda lipoti. Choncho ziwerengero ziwirizi n'zodalirika, ndipo zonse zinatsika zedi. Koma kuba wamba, kusolola m'thumba, kumenyana m'banja ndi kugwiririra, chiwerengero chake chimadalira ngati wolakwiridwayo anapita kukanena, komanso ngati amene anamupeza pa kauntala analemba. Boma la America limadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kuyambira 1973 limatumiza anthu khomo ndi khomo kukafunsa mabanja ngati anachitiridwa zaupandu, kaya ananena ku polisi kaya ayi. Kafukufuku ameneyu amapeza kuti pa milandu 10 ya katundu, pafupifupi 3 yokha ndi imene imafika ku polisi, ndipo ya nkhanza pa thupi la munthu siikwana theka. Kumeneko ndi ku America, kumene polisi ili pafupi ndipo foni ili m'manja mwa aliyense.

Chinanso n'chakuti mawu akuti umbanda amaphatikiza zinthu zimene sizimayendera limodzi. Mu 2020, chaka cha Covid-19, kupha kunakwera kuchoka pa 319 kufika pa 468, ndipo mu 2021 kunafika pa 488, pamene milandu ina ya kuba inatsika poti anthu anali atatsekeredwa m'nyumba. Wofuna kunena kuti zinthu zili bwino akanaphatikiza zonse n'kulengeza kuti milandu yatsika, osanama ngakhale pang'ono, pamene mabanja 149 oonjezera anali pa maliro. Kenaka kupha kunatsikanso, mu 2023 ndi 2024 kunali pansi pa 400, koma milandu ya kuvulaza munthu koopsa inakwera, kuchoka pafupifupi 16,000 mu 2008 kufika kupitirira 29,000 mu 2024. Magalimoto obedwa nawo anakwera kupitirira 15,000 mu 2023. Chifukwa chake chimodzi n'choseketsa koma chophunzitsa. Kutsika kwa kuba magalimoto kuja kunathandizidwa kwambiri ndi kachipangizo kamene opanga magalimoto anayamba kuika, koletsa injini kulira ngati kiyi si wake. Makampani a Kia ndi Hyundai anagulitsa ku America magalimoto ambiri opanda kachipangizoka, achinyamata anatulukira, n'kuyamba kuphunzitsana kabedwe kake pa TikTok. Mitima ya anthu sinasinthe m'zaka zitatu. Chinasintha ndi loko.

Onaninso nkhani ya chaka choyambira kuwerenga. Woyerekeza 2021 ndi 2017 adzati mzinda wapsa, kupha kwakwera ndi maperesenti oposa 60. Woyerekeza 2021 yemweyo ndi 1990 adzati kwatsika ndi maperesenti pafupifupi 80. Onse awiri akunena zoona, ndipo aliyense wasankha chaka chimene chikukomera chipani chake. Ife alimi zimenezi timazidziwa: munthu sayesa munda ndi zokolola za chaka chimodzi.

Pa zimene zinathandizadi, pali ziwiri zimene sizitchulidwa kawirikawiri poti zilibe mwini wodzitama nazo. Mu 2016 mzinda unachita mayeso pa midadada ya nyumba za boma zokhala anthu osauka pafupifupi 80. Anachita maere, theka linalandira magetsi owala kwambiri apanja, theka linatsala momwemo. Kumene kunaikidwa magetsi, milandu ikuluikulu yochitika panja usiku inatsika ndi maperesenti pafupifupi 36, popanda womangidwa chifukwa cha nyalezo. Chachiwiri, katswiri Patrick Sharkey ndi anzake anaunika mizinda 264 ya ku America pa zaka 20, napeza kuti mabungwe 10 aliwonse oonjezera a anthu a m'dera pa anthu 100,000, monga osamalira achinyamata, okonza malo osiyidwa ndi othandiza omwerekera, ankatsitsa kuphana ndi maperesenti pafupifupi 9. Amayi ndi abambo amene anachotsa zinyalala pa mabwalo ogulitsirapo crack n'kudzalapo ndiwo zamasamba sanatuluke pachikuto cha magazini, koma dzanja lawo lili m'ziwerengerozo.

New York si Lilongwe, si Blantyre, si Mzuzu, ndipo ndalama zimene mzinda umenewo umapatsa apolisi ake ife sitingazilote. Koma vuto la kuwerenga ndi lathu lomwe, mwinanso kuposa iwo. Mu 2003 ofesi ya boma yoona za kalembera ya National Statistical Office inachita kafukufuku wa khomo ndi khomo wa mtundu uja, kufunsa Amalawi za umbanda umene unawagwera. Mlandu umene unapezeka wochuluka kuposa yonse sunali wa mfuti kapena wa m'tauni. Unali kuba mbewu m'munda, ndipo wotsatira unali kuba ziweto. Ambiri mwa oberedwawo sanakanene ku polisi. Zifukwa zake tonse tikuzidziwa: polisi ili kutali, thiransipoti ikuposa mtengo wa nkhuku yobedwayo, wakubayo ndi mwana wa mlongo wako, ndipo nkhani imathera kwa a nyakwawa. Koma zotsatira zake n'zakuti mlandu wochuluka kwambiri m'dziko muno ndi umene suoneka m'mabuku, ndipo pogawa apolisi, njinga zamoto ndi mafuta, akuluakulu amayang'ana m'mabuku momwemo. Jack Maple ankatumiza apolisi pamene pali chizindikiro pa mapu. Mudzi wosanena ulibe chizindikiro.

Choncho kwa akuluakulu a polisi pempho lathu ndi ili: polengeza, musatipatse peresenti imodzi ya dziko lonse. Tiuzeni mlandu uliwonse paokha, kupha paokha, kuthyola nyumba paokha, kuba ziweto ndi mbewu paokha, boma ndi boma, ndipo muike pambali pake ziwerengero za zaka 10 zapitazo kuti tidzionere tokha. Musayese mkulu wa polisi ndi kuchepa kwa milandu yolembedwa, chifukwa mukatero mukumuphunzitsa kubweza anthu pa kauntala, monga zinachitikira ku Brooklyn. Polisi imene madandaulo achuluka mwina ndi imene anthu ayamba kuikhulupirira. Ndipo boma lichitenso kafukufuku wa khomo ndi khomo pafupipafupi, kuti pakhale muyeso wina umene suli m'manja mwa apolisi.

Kwa ife eni ake, tisathamangire chikwanje ndi petulo. Woganiziridwa akaphedwa ndi gulu, amene ankamutuma ndi amene ankagula mbuzizo amagona tulo tabwino, poti mboni yapita, ndipo m'buku la apolisi mumalowa mlandu wa kupha wokhala ndi maina a anthu a m'mudzi mwathu, pamene mbuzi zija sizinalembedwe n'komwe. Pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu, mlembi abwere ndi kope lina lapadera. Membala aliyense akaberedwa, kaya ndi mizere iwiri ya chimanga chachiwisi, kaya ndi belo la fodya pa ulendo wa ku okushoni, kaya ndi ndalama pa depoti, zilembedwe: tsiku, nthawi, malo, chobedwa ndi mtengo wake, kumene nkhaniyo inakanenedwa ndi yankho limene analandira. Zimene zakambidwa kwa a mfumu zilembedwenso. Miyezi itatu ikatha, wapampando ndi mlembi atenge kopelo, apite nalo ku komiti ya chitetezo cha m'mudzi ndi kwa mkulu wa polisi ya dera lawo, akayerekeze ndi zimene zili m'buku la pa kauntala, ndipo asachoke asanauzidwe kuti mwa milandu imeneyi yalembedwa ingati.